Mankhwala Amoyo Oteteza Mbewu ku Matenda a M'nthaka: Kodi Amathandizadi?

 Nkhani imene tabwera nayo lero ndi ya mankhwala a mtundu wina amene ayamba kutchuka pakati pa ogulitsa zipangizo za ulimi. Ena amawatchula kuti mankhwala achilengedwe, ena amangowerenga dzina lolembedwa pa paketi, monga Trichoderma kapena Bacillus. Ife pano tiziwatchula kuti mankhwala amoyo, chifukwa chimene chili m'paketimo si poizoni ai, koma tizilombo tamoyo tosaoneka ndi maso, timene ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo tinzake toolesa mizu.

Funso limene alimi ambiri amafunsa ndi lakuti, kodi mankhwala amenewa amagwiradi ntchito, kapena ndi njira ina yotidyera ndalama? Funsoli ndi loyenera, pakuti ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pa chaka. Tiyankhiretu poyamba pomwe, kenaka tifotokoze zifukwa zake. Mankhwala amoyo ali ngati mlonda. Mlonda amathandiza akafika pakhomo mbala isanalowe. Pa nazale amathandiza ndithu. M'munda waukulu amathandiza chaka china, chaka china osaoneka phindu lake. Mbewu imene yadwala kale saichiritsa.

Mdani amene ali pansi

Tonse amene tinafesapo tomato, kabichi, anyezi kapena fodya tikuzidziwa izi. Mbande zamera bwino, bedi lonse labiriwira, mtima uli m'malo. Tsiku lina m'mawa mupeza pakati pa bedi mbande zagona pansi ngati panagona galu. Mukazula imodzi muona kuti patsinde, pamene pamakhudza dothi, pafewa ndipo paonda ngati ulusi. Mawa lake malo aja akula. Kawirikawiri zimenezi zimachitika chifukwa cha tizilombo tiwiri, timene akatswiri amatitchula kuti Pythium ndi Rhizoctonia. Pythium amakonda bedi lothiriridwa madzi mopitirira muyeso ndi mbande zofesedwa mothinana.

Palinso Fusarium. Ameneyu amalowera ku mizu n'kukatseka timitsempha timene timakweza madzi m'tsinde. Tomato amayamba kuchita chikasu mbali imodzi, masana afota, madzulo atsitsimuka pang'ono, mpaka tsiku limene satsitsimukanso. Mukang'amba tsinde mupeza m'kati mwake muli mzere wofiirira. Alimi a nandolo a ku chigawo cha kum'mwera amaudziwa bwino mtundu wina wa Fusarium umene umaumitsa nandolo ali chiimire. Wina ndi Sclerotium, amene amayala ulusi woyera m'munsi mwa tsinde la mtedza, nyemba kapena tomato, kenaka n'kubala timibulu tating'ono tofanana ndi njere za mpiru. Timibulu timeneti ndiye nkhokwe yake. Timagona m'dothi kudikira mbewu ya chaka chamawa. Fusarium naye ali ndi njere zake zolimba zimene zimakhala m'nthaka zaka zambiri.

Apa ndi pamene pali vuto lenileni. Mlimi akaona masamba afota amathamangira kukagula Dithane kapena kopa n'kupopera masambawo. Koma mdaniyo sali pa masamba, ali pansi. Kupopera pamwamba matenda ali ku mizu kuli ngati kupaka mafuta pamimba pamene munthu akudwala njoka za m'mimba.

Tisanapitirire, tichenjezane chinthu chimodzi. Si kufota kulikonse kumene kumabwera ndi nkhungu za m'nthaka. Tomato ndi mbatata ya kachewere zimafotanso ndi mabakiteriya. Njira yodziwira ndi yapafupi: dulani tsinde la mbewu yofotayo m'munsi, muliviike m'tambula ya galasi ya madzi oyera, osagwedeza. Mukaona kautsi koyera kakutsika kuchokera podulapo, amenewo ndi mabakiteriya. Mukazula mbewu n'kupeza mizu yatupatupa ngati mikanda, timeneto ndi tinyongolotsi ta m'nthaka. Chisaka cha nthochi ndi kadukutu wa mtedza ndi matenda a mavairasi ofalitsidwa ndi nsabwe za mbewu, ndipo paketi ya Trichoderma ilibe nawo ntchito. Choncho musanatulutse ndalama, yambani mwadziwa chimene chikupha mbewu yanu. Safunsa anadya phula. Tengani mbewu yodwalayo ndi mizu yake yomwe, mukaonetse alangizi.

Kumene nzeruyi inachokera

Akuluakulu amene anagwirapo ntchito m'maesiteti a fodya akukumbukira mpweya uja wa methyl bromide, umene ankautulutsira pansi pa pulasitiki wofunda bedi. Unkapha chilichonse: nkhungu, tinyongolotsi, njere za udzu. Koma kunapezeka kuti mpweyawu umaononga chophimba cha mumlengalenga chotchedwa ozoni, chimene chimatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa. Maiko anali atapangana kale ku Montreal mu 1987 za kuteteza chophimbachi, ndipo mu 1992 anaika methyl bromide pa mndandanda wa zoyenera kuthetsedwa. Maiko olemera anapatsidwa malire a chaka cha 2005, maiko osauka chaka cha 2015. Kuno kwathu alimi a fodya anausiya mpweyawu chaka chomalizachi chisanafike. Kutha kwa methyl bromide ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zinachititsa kuti makampani ayambe kuika mtima pa mankhwala amoyo.

Koma nzeru yeniyeniyo ndi yakale kuposa apa. Mu 1932 katswiri wina wotchedwa Richard Weindling, akugwira ntchito ku California m'dziko la America, anaona pa makina okulitsa zinthu kuti nkhungu ya Trichoderma imazinga ulusi wa nkhungu zina, monga Rhizoctonia, n'kuzipha. Pambuyo pake akatswiri ena anachita chidwi ndi minda ina imene mbewu zake sizidwala ngakhale kachilombo koyambitsa matenda kali momwemo. Umu ndi m'mene zinalili ndi minda ya mavwende ya ku Châteaurenard m'dziko la France, kumene Fusarium ankalephera kufotetsa mbewu. Atatenga dothi la kumeneko n'kulitenthetsa, mphamvu yake yoteteza inatha. Atatenga pang'ono la dothi losatenthetsa n'kulisakaniza ndi dothi la m'munda wodwala, mphamvu ija inasamukira m'dothi lodwalalo. Pamenepo zinaonekeratu kuti chimene chinkateteza mbewu chinali chamoyo.

Mfundo imeneyi tiisunge. Nthaka yabwino ili kale ndi alonda ake. Chimene makampani achita ndi kusankha ena mwa alondawo, kuwachulukitsa, kuwaumitsa n'kuwaika m'paketi. Gary Harman wa ku yunivesite ya Cornell ku America ndi anzake anatulutsa mtundu wa Trichoderma wotchedwa T-22, umene umagulitsidwa m'maiko ambiri. Bakiteriya wotchedwa Bacillus subtilis amagulitsidwa ndi dzina lakuti Serenade, ndi mayina enanso. Ku Kenya ndi ku South Africa kuli makampani amene amapanga Trichoderma wawo. Kwa anansi athu a ku Zimbabwe, akatswiri a pa Kutsaga, malo ofufuzira za fodya pafupi ndi Harare, anayesa Trichoderma pa mabedi a fodya m'zaka za m'ma 1980 polimbana ndi kuola kwa tsinde, ndipo anapeza kuti amathandiza kwambiri akamphatikiza ndi mankhwala wamba a mtundu umene sumupha.

M'mene amagwirira ntchito

Njira yoyamba ndi kulanda malo ndi chakudya. Muzu wa mbewu ukamakula umatulutsa timadzi totsekemera, ndipo timadzi timeneti ndi timene timadzutsa tizilombo toyambitsa matenda. Trichoderma amakula msanga. Akafika pa muzu poyamba, amaufunda wonse n'kumadya timadzi tija, kotero kuti mdani akamafika apeza mphasa yadzaza, mbale yatha. Njira yachiwiri ndi ija anaiona Weindling: kuzinga ulusi wa mdani monga m'mene nyemba imazingira phesi la chimanga, kuuboola ndi kuudya. Njira yachitatu ndi kutulutsa timankhwala tolepheretsa nkhungu kukula, ndipo Bacillus ndiye katswiri pa zimenezi. Palinso umboni wakuti mbewu imene mizu yake yakhala ndi tizilombo tabwinoti imakhala tcheru, nkuyamba kudziteteza msanga matenda akafika.

Mukaziyang'ana njira zonsezi muona kuti zikudalira chinthu chimodzi, kufika poyamba. N'chifukwa chake tinati mlonda. Fusarium akalowa kale m'mitsempha ya tomato, Trichoderma amene ali kunja kwa muzu sangamutsatire m'katimo kukatsegula mitsempha yotsekeka. Wogulitsa amene angakuuzeni kuti muthire mankhwala amoyo pa tomato wofota kale ndipo adzuka, ameneyo kapena sakudziwa katundu wake, kapena akufuna ndalama yanu basi.

Pamene amathandiza kwambiri

Nazale ndiye malo ake enieni, ndipo tikhalepo pang'ono pamenepa. Pa nazale dothi ndi lochepa, motero paketi yaing'ono imakwanira kufikitsa tizilomboto paliponse. Chinyezi mumachilamulira nokha ndi kheni. Nthawi yoopsa kwa mbande ndi yaifupi, masabata oyambirira okha, tsinde lisanakhwime. Mlonda sakufunika kulondera chaka chonse, koma masabata ochepa amenewo. Ichi n'chifukwa chake alimi a maluwa ndi ndiwo zamasamba amene amafesa m'mathireyi, m'nyumba za pulasitiki, ndiwo amagula kwambiri mankhwala amenewa, ndipo amabwereranso kukagula.

Ambiri a ife timatentha bedi ndi mapesi tisanafese. Ena ayamba kufunda bedi lonyowa ndi pulasitiki woonekera m'kati kwa masabata 4 mpaka 6 m'nyengo yotentha, kuti dzuwa liphike dothi. Njira zonse ziwirizi zimapha adani, koma zimaphanso alonda. Bedi lotenthedwa lili ngati nyumba yopanda anthu: amene alowe poyamba ndiye mwini wake. Mukapondamo ndi mapazi ochokera m'munda wodwala, kapena mukathirira madzi a pachithaphwi pamene pamatsikira matope a m'dimba, Pythium alowa ndipo sapeza womuletsa. Nthawi zina mbande zimafa kwambiri pa bedi lotere kuposa pa bedi losatentha. Tsono apa ndi pamene mankhwala amoyo amaonetsa phindu lake. Bedi likazizira, thirani Trichoderma musanafese kapena pofesa pomwe, kuti nyumba ija ikhale ndi mwini wake wabwino.

Njira zina zothandiza ndi kupaka mankhwalawa ku mbewu musanafese, ndi kuviika mizu ya mbande m'madzi osungunuliramo mankhwalawa pa tsiku lowokera. Amene munapakapo inokulanti ku mbewu ya soya mukudziwa kale kachitidwe kake: pamthunzi, osati padzuwa, ndipo mbewu yopakidwa ibzalidwe tsiku lomwelo.

Pamene amalephera

M'munda waukulu nkhani imasintha. Akatswiri amene ayesa mankhwalawa m'maiko osiyanasiyana amagwirizana pa mfundo yakuti zotsatira za m'munda sizikhazikika ngati za pa nazale. Mankhwala omwewo amachepetsa matenda pa munda uwu, pa munda wa tsidya osasintha kanthu. Zifukwa zake n'zomveka. M'dothi la m'munda muli kale tizilombo tosawerengeka, ndipo mlendo wochokera m'paketi ayenera kulimbana nato tonse kuti apeze pokhala. Dothi likauma gwa, mlendoyo amagona. Madzi akadikha, amasowa mpweya. Dothi lotopa, lopanda manyowa, limamusiya ndi njala. Ndipo ngati munda walimidwa tomato zaka zotsatizana mpaka Fusarium wachuluka ngati mchenga, alonda ochepa a m'paketi sangathe kanthu. Ngakhale zinthu zitayenda bwino, chimene tingayembekezere ndi kuchepa kwa matenda, osati kutheratu.

Chinanso n'chakuti mlonda aliyense ali ndi mbala yake imene amaidziwa. Chitsanzo ndi nkhungu yotchedwa Coniothyrium minitans, yogulitsidwa ndi dzina lakuti Contans. Imadya timibulu takuda ta Sclerotinia, amene amaoletsa nyemba, soya ndi mpendadzuwa. Ntchito imeneyi imaigwira bwino, koma iyenera kusakanizidwa ndi dothi miyezi iwiri kapena itatu musanabzale, ndipo Fusarium kapena Pythium siimukhudza n'komwe. Ngakhale dzina lakuti Trichoderma ndi dzina la mtundu wonse, ngati kunena kuti Phiri kapena Banda. M'banjamo muli olimbikira ndi aulesi. Paketi yabwino imalemba dzina lonse ndi nambala ya mtunduwo, ndiponso matenda amene unayesedwa nawo. Tinenenso mongodutsa kwa amayi a m'magulu olima bowa: Trichoderma ndi nkhungu yobiriwira ija imene imaononga matumba a bowa. Musasunge paketi yake m'nyumba ya bowa, ndipo musambe m'manja mukachoka ku nazale.

Pali matenda ena amene mankhwala amoyo sanawagonjetse mpaka lero. Kufota kwa nthochi koyambitsidwa ndi Fusarium kunathetsa minda ikuluikulu ya nthochi za mtundu wa Gros Michel ku Central America m'zaka za m'ma 1950, ndipo chimene chinapulumutsa malondawo ndi kusintha mtundu wa nthochi, kubzala Cavendish. Mtundu watsopano wa matendawa, wotchedwa TR4, umene umapha ndi Cavendish yemwe, unapezeka m'chigawo cha Nampula ku Mozambique mu 2013. Kachilomboka kakalowa m'munda kamakhala m'nthaka zaka makumi, ndipo palibe mankhwala, amoyo kapena wamba, amene amakachotsa. Chitetezo chake ndi kusatenga ana a nthochi kapena dothi kuchokera ku malo okayikitsa. Nandolo wathu nayenso anapulumuka ndi mbewu yopirira. Mu 1987 dziko lino linavomereza mtundu wa ICP 9145, wochokera ku bungwe la ICRISAT, chifukwa chakuti sufota wamba. Pamene mbewu yopirira ilipo, imeneyo ndiyo yoyamba kuifuna, chifukwa chitetezo chake chili m'mbewu momwemo ndipo simulipira kawiri.

Nanga poyerekeza ndi mankhwala wamba? Tinene chilungamo. Mankhwala wamba opaka ku mbewu, monga thiram, amagwira msanga ndipo sasamala kwambiri za nyengo. Matenda akachuluka, kawirikawiri amaposa mankhwala amoyo pa masiku oyambirira. Koma mphamvu yake imatha pakapita nthawi yochepa, ndipo satsatira muzu pamene ukukula, pamene Trichoderma wabwino amakula limodzi ndi muzuwo. Mankhwala amoyo ndi osaopsa kwenikweni kwa wothira, kwa ana ndi kwa madzi a m'dimba amene ena amamwa kumunsi, ngakhale kuti fumbi lake siloyenera kulipuma. Ndiponso nkhungu zoyambitsa matenda zimazolowera mankhwala ena wamba mpaka osafanso nawo, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri ndi mlonda wolimbana m'njira zingapo nthawi imodzi.

Chitsanzo cha chuku

Pali chitsanzo chimodzi chimene mankhwala amoyo achita bwino m'munda weniweni, ndipo chikutikhudza ife. Nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus imakhala m'dothi. Siifotetsa mbewu, koma imalowa mu mtedza ndi chimanga n'kusiyamo poizoni wa chuku, amene amaononga chiwindi ndipo anatitsekera misika ina ya mtedza ya kunja. Katswiri wina wa ku America, Peter Cotty, anaonetsa kuti m'banja la nkhungu imeneyi muli ina yosatulutsa poizoni, ndipo kuti mukaichulukitsa m'munda imalanda malo a yoipayo. Bungwe la IITA linatenga nzeru imeneyi n'kupanga Aflasafe, ndipo pali mitundu yopangidwira Malawi, Zambia ndi Mozambique kuchokera ku nkhungu za m'nthaka ya maiko omwewa. Ndi njere za mapira zokazingidwa kuti zisamere, zopakidwa nkhungu yabwinoyo ndi utoto wabuluu. Amamwaza makilogalamu 10 pa hekitala, masabata 2 kapena 3 mbewu isanachite maluwa. A IITA amanena kuti poizoni amachepa ndi 80 pa 100 iliyonse kapena kuposerapo.

Chifukwa chiyani iyi imatheka m'munda pamene ena amavutika? Taonani: nkhunguyo ndi ya kwathu konkuno, yozolowera dothi ndi dzuwa lathu. Imabwera ndi kamba wake, njere ya mapira ija. Ndipo imamwazidwa pa nthawi yake, mdani asanachuluke. Komabe ngakhale Aflasafe sachotsa udindo woumitsa bwino mtedza ndi kusauwaza madzi pofuna kuusenda.

Chamoyo chimafa

Tsopano tifike pa nkhani ya kugula, pamene alimi ambiri amapwetekera. Botolo la mankhwala wamba likhoza kukhala pa shelefu nthawi yaitali osasintha kwenikweni. Paketi ya Trichoderma ikakhala padzuwa pa msika, kapena m'sitolo ya malata yotentha m'mwezi wa Okutobala, tizilombo tija timafa. Ufa umaoneka chimodzimodzi, paketi ili yokongola, koma m'katimo muli mitembo. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Bacillus amapirira kutentha kuposa Trichoderma chifukwa njere zake ndi zolimba, koma nayenso ali ndi malire.

Inu monga ogula muli ndi ufulu wofunsa, ndipo wogulitsa ali ndi udindo woyankha. Funsani tsiku limene mankhwalawo anapangidwa ndi tsiku lothera mphamvu. Funsani kumene amawasunga, ndipo muone ndi maso anu. Onani ngati paketi yalemba dzina la kachilomboko, kuchuluka kwa njere zamoyo pa galamu iliyonse, ndi muyeso wothirira. M'dziko muno muli lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000, limene linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, ndipo mankhwala oteteza mbewu ayenera kulembetsedwa ku bungweli asanagulitsidwe. Funsani ngati amene mukugulawo analembetsedwa. Ufa wopimidwa ndi supuni m'kapepala kopanda dzina musagule, ngakhale mtengo utsike bwanji. Tengani lisiti. Mukapeza kuti mwagulitsidwa katundu wotha mphamvu, musangodandaulira m'mimba. Kanenani kwa alangizi, ndipo kalabu yonse idziwe, chifukwa wogulitsa amaopa kalabu kuposa munthu mmodzi.

Mukafika nawo kunyumba, asungeni pozizira ndi pamthunzi, monga pafupi ndi mtsuko wa madzi, kutali ndi moto. Paketi ikatsegulidwa isakhalitse. Sungunulani okwanira tsiku lomwelo. Musasungunulire m'madzi othiridwa kolorini, kapena mu kheni ndi sipuleya zimene munali kopa kapena mankhwala ena opha nkhungu musanazitsuke bwino. Kusakaniza Trichoderma ndi mankhwala opha nkhungu popanda malangizo kuli ngati kulemba mlonda ntchito n'kumuthirira tameki mu nsima. Thirani m'mawa kwambiri kapena madzulo, pa dothi lachinyezi.

Ndipo mlondayo adye. Manyowa a kompositi okhwima bwino, amene azizira ndipo akununkhira ngati dothi la m'nkhalango, ndiwo chakudya ndi nyumba ya tizilombo tabwino. Nthawi zambiri amakhala kale ndi Trichoderma wachilengedwe. Koma ndowe zaziwisi ndi zinyalala zosaola zimadyetsa Pythium ndi Rhizoctonia, motero zikhoza kuonjezera matenda. Kwa mlimi amene alibe ndalama ya paketi, kompositi wokhwima, bedi lokwera losadikha madzi, kufesa motalikanitsa, kuzula ndi kutentha mbewu zodwala, ndi kasinthasintha wa mbewu zimagwira gawo lalikulu la ntchito yomweyo. Pa kasinthasintha kumbukirani kuti tomato, kachewere, fodya, tsabola ndi mabiringano ndi banja limodzi. Kuchotsa tomato n'kubzala kachewere si kusintha ai. Papite zaka 3 kapena 4 za chimanga kapena mbewu zina musanabwererenso.

Yesani nokha

Popeza taona kuti mankhwalawa amagwira mosiyana malinga ndi dothi, palibe wa ife, ngakhale wogulitsa, amene angalumbire kuti pa dimba lanu adzathandiza. Amene angayankhe ndi dimbalo. Choncho kalabu isayambe ndi kugula katoni. Gulani paketi imodzi yaing'ono muyese.

Kayesedwe kake ndi aka. Konzani bedi limodzi monga mwa masiku onse, muligawe zigawo 6 zofanana, n'kusiya kampata pakati pa zigawozo. Chigawo choyamba thirani mankhwala, chachiwiri osathira, chachitatu thirani, choncho mpaka kumapeto. Zikani timitengo tosonyeza. M'chigawo chilichonse fesani njere zowerenga, tinene 100, za m'paketi imodzi, tsiku limodzi. Kuthirira, mthunzi ndi manyowa zikhale chimodzimodzi. Apa mpofunika kudziletsa, chifukwa munthu amakondera mbali imene waikapo ndalama, n'kumaithirira bwino osazindikira. Ngati n'kotheka, wothirira akhale wina amene sakudziwa kuti mankhwala ali mbali iti. Pakatha masabata 3 kapena 4 werengani mbande zamoyo m'chigawo chilichonse. Zulani zingapo, mutsuke mizu, muone ngati ili yoyera ndi yochuluka kapena yofiirira. Mlembi alembe zonse m'buku la kalabu.

Chigawo chosathira chija n'chofunika kuposa m'mene chimaonekera. Popanda icho simungadziwe kanthu. Mbande zikakula bwino mudzayamika mankhwala, pamene mwina chaka chimenecho matenda kunalibe. Zikafa mudzanyoza mankhwala, pamene mwina popanda iwo zikanafa zonse. Ndipo musaweruze ndi bedi limodzi. Mamembala atatu kapena anayi ayese pa madimba osiyana, makamaka pamene mbande zimafa chaka ndi chaka. Pomaliza ikani ndalama pa sikelo: mtengo wa paketi mbali iyi, mtengo wa mbewu ndi mbande zimene zapulumuka mbali inayo. Ngati mbewu yanu ndi ya tomato wa haibulidi wogula modula, mbande zochepa zopulumuka zikhoza kubweza mtengo wa paketi. Ngati ndi mpiru wosunga nokha, mwina kufesa kachiwiri n'kotsika mtengo.

Tsopano tigawikane m'magulu monga mwa midzi yathu. Gulu lililonse likambirane kuti ndi mbewu iti imene imafa kwambiri ndi matenda a m'nthaka kwanuko, mwezi uti, ndipo pa madimba a mtundu wanji. Mutchulenso malo amene mumagula mankhwala, ndi m'mene amawasungira. Kenaka musankhe anthu amene angapereke bedi loyeserapo nyengo ikubwerayi, ndi amene adzasunge buku. Tikakumananso pakatha theka la ola, mlembi wa gulu lililonse adzatiwerengere mayinawo.